Tsamba Lachiwiri la Kalata ya Achimwene

3 Malichi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tili bwino, kupatula manja a amayi. Atupanso, makamaka lamanja. M'mawa akadzuka zala sizipindika mpaka aziviike m'madzi ofunda. Koma ku ntchito sajomba. Sabata ino hotela inadzaza ndi anthu a msonkhano, ndiye akhala akusita mashiti kuyambira sikisi koloko mpaka dzuwa kulowa.

Buku munatumiza lija linafika. Adalaivala a basi anabweretsa okha mpaka pakhomo. Ndinafufuza dzina lanu pachikuto koma sindinalipeze. Ndinalipeza mkati, pansi penipeni, m'tizilembo ting'onoting'ono, pamene palembedwa kuti "wokonza zolemba". Ndinawasonyeza amayi ndi chala. Anatenga bukulo n'kupita nalo kochapira, ndipo kuyambira tsiku limenelo anzawo sakutchulanso dzina lanu, akungoti Akonzi. Ngakhale Amakiyi, akuluakulu a kochapira aja oyenda ndi makiyi m'chiuno, anafunsa kuti, "Akonziwo ali ndi galimoto?" Amayi anati, "Ili m'njira."

Amayi andituma ndikufunseni zinthu ziwiri. Choyamba, ngati mungatumizeko kangachepe ka mankhwala opaka m'manja. Chachiwiri, akufuna kudziwa kuti mkonzi amalandira bwanji pamwezi. Ndinawauza kuti funso lotero safunsa munthu wamkulu, koma anati mwana wobereka okha sangamuope.

Akufunsa chifukwa akuganiza zosiya ntchito chaka chino. Akuti zaka makumi awiri ndi zitatu pa simbi zakwana, ndipo mwana anaphunzira. Mukudziwa kuti zipinda ziwiri tikukhalazi n'za hotela. Akasiya ntchito tiyenera kubweza makiyi. Iwo akuti tibwera kwanuko, poti nyumba munanena chaka chatha ija ili ndi chipinda chongokhala.

Pepani ngati mupeza zolakwika. Ndalemba kawiri, yoyamba ndinang'amba.

Ine mlongo wanu.

14 Malichi

Amayi okondedwa, ndi iwe Chete,

Kalata yanu ndalandira. Ndili bwino, maso okha ndiwo amawotcha pofika madzulo. Chete, usamang'ambe makalata. Ine ndimakonza zolemba za anthu a madigiri awiriawiri, ndipo palibe amene amasamala ngati iwe. M'envulopu muno ndaikamo kangachepe ka mankhwala a manja.

Anzanu a kochapirawo muwauze kuti galimotoyo ichedwerapo, matayala akadali kufakitale.

Ntchito yanga ndi yofanana ndi yanu, amayi. Wina amagona pa shiti, inu mumachotsa makwinya. Wina amalemba buku, ine ndimabwera pambuyo ndi cholembera chofiira. Ndimaona ngati ziganizo zikumveka, ngati munthu amene anamwalira pa tsamba la makumi anayi sakudyanso pa tsamba la makumi asanu, ngati manambala a m'tebulo akugwirizana ndi a m'nkhani. Ndikagwira bwino palibe amene amadziwa kuti ndinadutsapo. Ndikaphonya chimodzi, aliyense amadziwa dzina langa.

Mwafunsa za malipiro. Ndikuyankhani mosabisa.

— 2 —

Kuyambira Januwale sindilinso pa malipiro a pamwezi. Kampani inali ndi okonza asanu. Inasunga mmodzi, wamkulu pa tonse. Enafe anatiuza kuti tizibwera pakakhala ntchito, azitilipira pa tsamba. Kunena mosapita m'mbali, ndine waganyu.

Tsamba limodzi ndi ndalama ya basi ya m'tauni muno, kupita kokha. Wolemba akakhala waukhondo ndimatha masamba makumi atatu pa tsiku. Akakhala wosokonekera ndimatha asanu ndi atatu, ndipo mtengo ndi womwewo. Ndalamayo siibwera ndikamaliza ntchito ayi. Amadikira buku lisindikizidwe kaye, miyezi iwiri, nthawi zina itatu. Ngakhale pamene ndinali pamwezi, ndinkalandira ngati mphunzitsi wa pulayimale wongoyamba kumene, ndipo amene wakhala zaka makumi awiri amangondiposa pang'ono. Galimoto ndi ya mkonzi wamkulu, amene amasankha mabuku oti asindikizidwe. Mpando umenewo ndi umodzi, ndipo mwini wake ndi wathanzi.

Nyumba ija ndinatulukamo. Ndikukhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa shopu ya owotcherera zitsulo. Muli bedi ndi tebulo, ndipo chitseko sichitseguka chonse chifukwa cha tebulolo.

Amayi, musasiye ntchito chaka chino. Ndikupemphani.

— 3 —

Pali buku lalikulu la sukulu likubwera, masamba mazana asanu ndi limodzi, ndipo akuti pambuyo pake padzabwera ena atatu a mtundu womwewo. Mkonzi wamkulu wandiuza kuti dzina langa lili pamwamba. Amenewa ndiwo mabuku amene amadyetsa munthu chaka chonse. Palinso malipoti a mabungwe, amene amalipira katatu kuposa mabuku, ndipo mnzanga wina walonjeza kundilowetsako. Zikatheka zimenezi, amayi, simbi ija mudzangoiona kwa anthu ena.

Mupereke moni kwa Amakiyi ndi kwa adalaivala.

Mwana wanu.

23 Malichi

Achimwene,

Moni. Kalata iyi ndi yanga ndekha, amayi sakudziwa kuti ndikulemba. Ndalakwa chinthu, ndipo ndikufuna mudziwe momwe chinachitikira.

Kalata yanu inafika Loweruka masana. Ndinkafuna ndiiwerenge kaye ndekha monga ndimachitira, koma amayi anaiona ikadali m'manja mwa adalaivala n'kuitenga. Anaitana anzawo atatu a kochapira. Amakiyi nawonso anabwera n'kukhala pa mpando wabwino uja, awiri pabedi, mmodzi pakhomo. Amayi anatsegula okha envulopu, anawasonyeza ndalama, kenako anandipatsa masamba atatu aja n'kunena kuti, "Werenga mokweza, Chete, lero usameze mawu."

Pa matayala paja anaseka kwambiri. Pa makwinya amayi anapukuta m'maso. Nditatembenuza, maso anga anagwera pa mzere woyamba wa tsamba lachiwiri, kenako pa womaliza. Onse ankadikira kumva kuti Akonzi amalandira bwanji. Amakiyi anali atasendeza mpando kufupi. Ndinalowetsa tsambalo pansi pa linzake n'kupitiriza ndi lachitatu. Mawu analumikizana bwinobwino, ngati kuti munalemba choncho.

Mmodzi anati, "Masamba sikisi handiredi. Mwapuma, asisi." Amakiyi anati, "Mukafika m'tauni musatiiwale ife a sopo." Amayi anapinda kalatayo n'kuiika pansi pa matiresi.

Sindinawonjezere liwu langa ngakhale limodzi. Koma ndikudziwa kuti chimene ndachita ndi bodza ndithu. Ndinaganiza zowauza alendo akachoka. Atachoka, amayi anayamba kuimba akutsuka makapu, ndipo sindinawamvepo akuimba chimwalirireni abambo. Ndinalephera.

Ndiwauza Lamlungu likudzali. Pepani za nyumba yanu ija. Kodi m'chipindacho mvula siilowa?

Mlongo wanu.

6 Epulo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino. Sindinalandire yankho. Ndamva kuti adalaivala anawasinthira msewu wina kwa masabata awiri, ndiye mwina kalata yanga ikadali m'basi. Iyi ndaponya ku positi.

Sindinawauze. Lamlungu lija ndinakonzeka, mpaka ndinalemba mawu oyambira pa kapepala. Ndinati, "Amayi, kalata ya achimwene ija." Iwo anati, "Eya, ndimaganiza zomwezo. Kabatiyi tisatenge, kumeneko ziliko zabwino." Tsiku lomwelo anaipereka kwa mnzawo wa pakhomo lachitatu. Ndinathandiza kunyamula. Pakhoma pamene inali patsala malo oyera, ndipo mbale tikusunga m'beseni.

Lachinayi anakauza Amakiyi pakamwa kuti akufuna kusiya. Amakiyi anati mawu a pakamwa ofesi siilandira, pafunika kalata ya notisi ya mwezi umodzi. Amayi andiuza kuti ndilembe ine. Akufuna ilowe mwezi uno usanathe, kuti pa 31 Meyi tibweze makiyi. Agula kale pepala labwino ndi envulopu yoyera.

Achimwene, pakamwa panga mukupadziwa. Kusukulu aphunzitsi akandiloza ndinkalira ngakhale yankho ndikulidziwa. Ndikupemphani mulembe kalata ya tsamba limodzi lokha, lopanda nthabwala, lonena zomwe zinali pa tsamba lachiwiri. Likakhala limodzi sindikhala ndi podumphira.

Manja awo akadali chimodzimodzi. Mankhwala tinagula, akupaka.

Mlongo wanu.

13 Epulo

Chete,

Makalata ako awiri afika tsiku limodzi, imodzi ikununkha dizilo. Ndinayamba kuwerenga nditaimirira, ndinamaliza nditakhala pansi.

Poyamba ndinakwiya. Tsamba limenelo ndinalilemba katatu, ndipo silinali lophweka. Koma sindingakudzudzule kwambiri. Ifenso kuntchito timachita zomwezo. Wolemba akalemba ndime yomuchititsa manyazi timaichotsa, n'kulumikiza pamwamba ndi pansi kuti pasaoneke chipsera. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timamuuza mwini wake.

Tsopano tamvera. Usawauze kaye. Mkonzi wamkulu akuti za buku lalikulu lija agamula pa 20 mwezi uno. Akandipatsa ndipempha theka la ndalama ntchito isanayambe, nthawi zina amalola, ndipo ndipeza nyumba ya zipinda ziwiri Meyi asanathe. Zikatero tsamba lachiwiri lija likhala nkhani yakale, ndipo palibe chifukwa chowaliritsa amayi pa chinthu choti chatha. Zikakanika, tsamba limodzi wapemphalo ndilemba tsiku lomwelo.

Iwe ntchito yako ndi imodzi: kalata ya notisiyo isalowe ku ofesi usanamve kwa ine. Chedwetsa. Ndiwe munthu wolemba kawiri, amayi sadabwa ukalemba kanayi.

Mvula siilowa. Chimalowa ndi phokoso la makina odulira zitsulo, kuyambira seveni koloko. Ndimakonza masamba nditatseka makutu ndi thonje, ndiye ukadzabwera kudzandiona uzigogoda ndi mwala.

Mchimwene wako.

30 Epulo

Achimwene,

Moni. Pa 20 padutsa, pa 21 padutsa. Tsiku lililonse ndakhala ndikupita pa siteji kukadikira basi. Adalaivala afika pondiseka kuti ndili ndi chibwenzi m'tauni.

Ndinachedwetsa monga munanenera. Kalata yoyamba ndinati inki yadontha. Yachiwiri ndinati mizere yapendekeka. Yachitatu ndinati sindikudziwa ngati tilembere Amakiyi kapena amanijala, ndikafunse kaye, ndipo ndinatha masiku atatu osafunsa. Yachinayi inalibe cholakwa chilichonse. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali kufuna cholakwa, osachipeza, ndiye ndinangoibisa m'buku lanu lija.

Dzulo amayi anachokera ku ntchito atamanga nsalu pamkono. Simbi inawapulumuka n'kuwatentha, chifukwa zala sizikugwira bwino. Anakhala pabedi n'kunena kuti, "Iwe, ukufuna ndifere pa simbi? Kapena sukufuna kupita kwa mlongo wako?" Ndinati ayi, amayi. Anati, "Nanga bweretsa kalatayo." Ndinaganiza zonena pomwepo. Ndinayang'ana mkono uja, ndipo ndinapita kukatenga kalata. Anadinda chala pansi pake.

Lero m'mawa tinapita limodzi ku ofesi. Anati ndipereke ine poti ndine ndalemba. Mlembi anadinda chidindo n'kunena kuti sanaonepo notisi yaukhondo chonchi.

Pa 31 Meyi tituluke m'zipinda zino. Amayi ayamba kale kulongedza zovala m'makatoni a sopo.

Ngati buku lija anakupatsani, ndiuzeni mtima ukhale pansi. Ngati sanakupatseni, ndiuzeninso.

Mlongo wanu.

5 Meyi

Chete,

Sanandipatse. Ndinadziwa pa 22.

Anapatsa wina wongomaliza kumene koleji, amene anavomera theka la mtengo wanga pa tsamba. Asanamupatse, mkonzi wamkulu anandiitana n'kunena kuti ngati ndingatsike kufika pamenepo, bukulo ndi langa. Ndinakana. Ndinati zaka zisanu ndi zinayi za ntchito sizingagulidwe choncho, ndipo ndinatuluka mwaulemu wanga. Mawa lake ndinabwerera kukavomera. Ndinapeza atasainirana kale.

Ndinakulonjeza kuti ndilemba tsiku lomwelo. M'malo mwake ndakhala masabata awiri ndikudikira za malipoti a mabungwe aja, kuti ndikhale ndi chabwino ngakhale chimodzi choika m'kalata. Mnzanga uja akandiona amawolokera tsidya lina la msewu. Ntchito yathu ndi mmene ilili masiku ano. Ofuna kukonza tachuluka, ndipo makampani aphunzira kuti munthu sabweza buku chifukwa cha zolakwika za mkati. Panopa ndili ndi kabuku ka nyimbo za kwaya ndi malamulo a bungwe la alimi a nkhuku. Zonse pamodzi ndi masamba makumi asanu ndi awiri. Lendi ya kachipinda kano mwina ikwana. Anthu atatu sangadyepo, ndipo sangagonemo.

Notisi inalowa chifukwa cha ine, osati iwe. Tsamba limodzi lija ndi ili, ndaliika palokha. Uwawerengere tsiku lomwe lafika, ndipo mupite kwa Amakiyi mukapemphe kuti kalatayo ibwezedwe. Mwina sanapeze munthu.

Ndikanabwera ndekha, koma ulendo wobwera kumeneko ndi masamba makumi anayi.

Mchimwene wako.

14 Meyi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi mtsikana wa pa kauntala yolandirira alendo. Ndamuuza alembe momwe ndikunenera, ndipo akamaliza wina andiwerengera kuti ndimve ngati sanadumphe.

Lolemba adalaivala anandipeza pa geti n'kunena kuti, "Akonzi akuti bwanji ulendo uno?" Ndinati, kalata yake iti? Anati anapatsa mlongo wako Lachisanu. Ndinafika kunyumba n'kudikira. Lolemba lonse, Lachiwiri lonse. Mwana akungondiyang'ana ngati ndamwalira kale. Pamenepo ndinakumbuka kalata ya Malichi ija. Ine zilembo sindizidziwa, koma ndapinda mashiti zaka makumi awiri ndi zitatu, ndimadziwa akalowa atatu n'kutuluka awiri. Ndinaitulutsa pansi pa matiresi n'kubwera nayo kuno. Mtsikanayu anandiwerengera yonse. Pakati anaima n'kundifunsa ngati ndikufuna madzi.

Nditabwerera kunyumba sindinakalipe. Ndinangoti, "Bweretsa makalata onse." Anabweretsa, ndipo onse ndawamva.

Ndiye ndiwe waganyu. Waganyu sindimunyoza. Bambo ako anali waganyu ndipo unakula. Ndikanamva mu Malichi ndikanati pepa mwana wanga, n'kubwerera ku simbi. Unanena, ndikuvomera. Koma utadziwa kuti sindinamve, unamuuza mwana kuti apitirize kundibisira. Inu awiri mwandikonza ngati buku, mwachotsa pamene mukuganiza kuti sindingapirire. Ndinaika mwamuna m'manda, ndinakulerani ndi manja otupawa, ndiye ndilephere kumva tsamba limodzi?

Dzulo ndinapita kwa Amakiyi. Anandimvera bwino, sanaseke. Koma malo anga anapereka kale kwa mayi wina wa ana anayi. Ayamba pa 1 Juni, ndipo zipinda zathu anabwera kale kudzaziona, anayeza ndi mawindo omwe. Sindingakamuchotse, sanandilakwire.

Usabwere. Khala pa tebulo lako ukonze za nkhukuzo. Ndipo tsiku lina akakupatsa mtengo wochepa, uyambe wafunsa m'mimba usanatuluke mwaulemu wakowo.

Mayi ako.

Wolembane ndiwonjezereko pang'ono: akulu, amayiwa pano sanalire, koma podinda chala ndachita kuwagwira dzanja. Lembani msanga.

26 Meyi

Achimwene,

Moni. Kalata yanu yopepesa inafika. Amayi ndinawawerengera yonse. Masamba anagwira okha, akundipatsa limodzilimodzi, ndipo ndikamaliza ankalitembenuza kuona ngati kumbuyo kuli mawu.

Masiku khumi sanandilankhule, kupatula "tseka chitseko" ndi "sendera". Anapita okha kukafunsa nyumba za lendi kuseri kwa msika. Zotsika mtengo zilibe madzi, ndipo ngakhale zimenezo sitikanakhalamo kupitirira miyezi iwiri. Anabwerera fumbi mpaka m'maondo n'kukhala pa katoni.

Lolemba ndinapita ndekha kwa Amakiyi. Ndinawapeza m'chipinda cha matawulo akuyang'ana mashelefu. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali. Anati, "Chete, ngati wabwera kudzaima, ima uko, ukunditchingira kuwala." Ndinawauza kuti tsiku lija ndinadumpha tsamba iwo ali pomwepo, kuti amayi anasiya ntchito chifukwa cha ine, ndipo ndikupempha ntchito iliyonse imene ili ndi chipinda. Mawu anatuluka pang'ono. Anati sanamve, ndibwereze. Ndinabwereza zonse kuyambira poyamba, anthu awiri onyamula mabasiketi ali pomwepo.

Anati, "Tsiku lija ndinaona. Ndinkayesa ndi za chibwenzi cha Akonzi." Anaseweretsa makiyi. Kenako anati ku mabafa ochapira kukusowa munthu mmodzi. Kumeneko n'kumene amachapa pamanja zimene makina alephera, nsalu za pa tebulo zamafuta ndi mayunifolomu a kukhitchini. Malipiro ndi ochepa kuposa a amayi. Chipinda ndi chimodzi, chakumapeto chija choyang'anana ndi thanki. Ayamba andiyesa miyezi itatu, ndikajomba kawiri ndachoka. Anandigwira manja n'kuwatembenuza. Anati, "Manja a cholembera awa, pofika Ogasiti sudzawadziwa." Ndinati ndavomera.

Nditafika kunyumba ndinawauza amayi zonse. Anati, "Soda usamagwire ndi manja, uzitunga ndi kapu. Ndipo zakukhitchini uziviika kaye, usamalimbane nazo zouma." Ndiwo mawu aatali oyamba chiyambireni nkhaniyi.

Tisamuka Loweruka. Ndayeza chipindacho ndi chingwe. Mukulowa bedi limodzi, tebulo ndi makatoni. Bedi lanu lakale silikwana, ndiye amayi akuti ndikufunseni ngati tigulitse kapena tisungitse kwa mnzawo. Akutinso, ndipo ndikulemba momwe anenera: "Umuuze kuti kuno asatumize kanthu mpaka alipire lendi yake. Koma m'kalata iliyonse azinena masamba amene wapeza mwezi umenewo, kaya ndi awiri."

Ndiyamba Lachiwiri sikisi koloko. Adalaivala abwerera kuno Lachisanu, za bedilo muwapatsire yankho.

Mlongo wanu.